Phunziro la Mwezi Uno: Mapulogalamu a Sitima pa Kanema ndi Njanji Yathu ya Mchinji



Aliyense wokhala kuno ku Mchinji njanji amaidziwa. Ena timaidumpha popita kusukulu, ena timaiona titakwera minibasi popita ku Lilongwe, ndipo ana ambiri adyetsapo mbuzi m'mbali mwake. Koma mukafunsa m'kalasi kuti ndani anakwerapo sitima, manja okwezedwa amakhala owerengeka. Ana athu akukula pafupi ndi njanji, chonsecho sitima yeniyeni amaionera pa kanema kapena pa foni, ndipo kawirikawiri imakhala ya ku Japan, ku India kapena ku Ulaya.

Zimenezi si zoipa. Pali mapulogalamu abwino kwambiri okamba za sitima zapamtunda ndiponso za tisitima ting'onoting'ono topanga pamanja. Vuto ndi lakuti ambiri sitidziwa kowapeza, ndipo tikawapeza timangosirira kukongola kwake, osatolapo kanthu. Phunziro lino likuonetsani mapulogalamu amene alipo, kafufuzidwe kake, ndi mmene mungawaonere kuti akuthandizeni kumvetsa njanji imene ili pakhomo pathu pano.

1. Njanji yathuyi inachokera kuti?

Musanafufuze za kutali, yambani mwadziwa zanu. Njanji yoyamba m'dziko muno inamangidwa kumwera, ndipo sitima inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Mu 1935 munachitika zinthu ziwiri zikuluzikulu: mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3.5, unatsegulidwa pa mtsinje wa Zambezi, zomwe zinachititsa kuti sitima ziziyenda kuchokera ku doko la Beira mpaka m'dziko muno popanda kutsitsa katundu pa mtsinje. Ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima.

Titalandira ufulu, mu 1970 anatsegula nthambi yochokera ku Nkaya kukafika ku Nayuchi, imene inatilumikiza ndi doko la Nacala ku Mozambique. Kenako, ndi thandizo la dziko la Canada, njanji inachoka ku Salima n'kufika ku Lilongwe mu 1979, ndipo mu 1980 inafika kuno ku Mchinji. Ambiri mwa agogo ndi makolo athu anaona ndi maso awo njanjiyi ikuyalidwa. Afunseni, akuuzani zambiri zimene simungazipeze m'buku.

Chigawo chotsiriza, chochoka ku Mchinji kupita ku Chipata, n'chachifupi, pafupifupi makilomita 27 okha. Koma ntchito yake inayamba mu 1982 ndipo chinatsegulidwa mu Ogasiti 2010, pa nthawi ya Rupiah Banda ku Zambia ndi Bingu wa Mutharika kuno kwathu. Taonani: zaka 28 pa mtunda umene munthu wa kabaza amaumaliza m'maola ochepa.

Nanga n'chifukwa chiyani sitima sizidutsa kawirikawiri? Chifukwa chimodzi chachikulu mungachione pa mapu. Njanjiyi ikafika ku Chipata imathera pomwepo. Siinalumikizidwe ndi njanji zina za Zambia, monga ya TAZARA imene imachoka ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi. Kwa zaka zambiri pakhala mapulani omanga njanji yochoka ku Chipata kudzera ku Petauke kukalumikiza ku Serenje. Malinga ngati chigawo chimenecho kulibe, katundu wolemera wochokera ku migodi ya Copperbelt sangafike kuno pa njanji. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa mudzaionanso m'mapulogalamu ambiri: njanji imakhala ndi moyo ikakhala ndi katundu wokwanira ndiponso ikalumikizana ndi inzake.

2. Mapulogalamu amene alipo

Tingawagawe m'magulu anayi.

Gulu loyamba ndi la maulendo. Munthu amakwera sitima n'kumafotokoza mbiri ya malo amene akudutsa. Yotchuka kwambiri ndi "Great British Railway Journeys" ya BBC, imene inayamba mu 2010 ndipo amaitsogolera ndi Michael Portillo, yemwe kale anali nduna m'boma la Britain. Palinso "Chris Tarrant: Extreme Railways" ya Channel 5, yoonetsa njanji zodutsa m'malo ovuta monga m'zipululu, m'nkhalango ndi m'mapiri. Mapulogalamu otere amathandiza pa Geography, History ndi kumva Chingerezi cholankhulidwa.

Gulu lachiwiri ndi la luso la zomangamanga ndi makina. "Mighty Trains" ndi "Japan Railway Journal" ndi zitsanzo zabwino. Yachiwiriyi imaulutsidwa ndi NHK World, wailesi ya kanema ya ku Japan ya m'Chingerezi, ndipo imaoneredwa mwaulere pa intaneti. Apa ndi pamene wophunzira wa Physics amapindula kwambiri.

Gulu lachitatu ndi la tisitima topanga pamanja. Mu 2018 Channel 5 inayamba mpikisano wotchedwa "The Great Model Railway Challenge", momwe magulu ankapikisana kumanga njanji yaing'ono pamodzi ndi mapiri, milatho ndi midzi yake m'masiku ochepa. Ku Hamburg m'dziko la Germany kuli malo otchedwa Miniatur Wunderland, amene anatsegulidwa mu 2001, ndipo ndi amene ali ndi njanji yoseweretsa yaikulu kuposa ina iliyonse padziko lapansi. Mavidiyo ake alipo ambiri pa YouTube. Kwa ang'ono athu a ku pulaimale pali katuni ya "Thomas & Friends", imene inayamba kuulutsidwa mu 1984.

Gulu lachinayi ndi nkhani za tsiku ndi tsiku. Limeneli ambiri timaliiwala, pamene ndi limene limakamba za ife. MBC, Zodiak ndi Times amaulutsa nkhani za njanji ya Nacala, za kukonzedwa kwa njanji ya ku Nsanje, ndi za katundu monga feteleza ndi mafuta akabwera pa sitima. Ife a m'malire tili ndi mwayi wina: ZNBC ya ku Zambia imakamba za mbali ya Chipata, choncho tingathe kumva nkhani imodzi kuchokera mbali zonse ziwiri.

3. Kafufuzidwe kake

Pa dikoda. Kaya kwanu muli ndi Kiliye Kiliye, GOtv, DStv, Azam kapena ina, pa rimoti pamakhala batani loonetsa ndandanda ya mapulogalamu, lolembedwa "Guide" kapena "EPG". Litsegulani kamodzi pa sabata, muyang'ane matchanelo a zophunzitsa monga Discovery, National Geographic ndi History, ngati ali m'gulu la amene mumalipira. Dziwani kuti pulogalamu yokamba za sitima si nthawi zonse pamene dzina lake limakhala ndi mawu akuti "train". Nthawi zina imabisala m'mapulogalamu a zomangamanga, choncho werengani kafotokozedwe kakafupi kamene kamakhala pansi pa dzina. Mawu oyenera kuwasaka ndi awa: "railway", "railroad", "locomotive", "freight", "engineering" ndi "model railway". A ku Britain amati "railway" pamene a ku America amati "railroad". Chinthu chake n'chimodzi.

Pa intaneti. Pa YouTube, mukangolemba "train" mudzalandira mavidiyo osawerengeka opanda phindu. Lembani dzina lenileni la njanji kapena malo. Yesani awa: "Mchinji Chipata railway", "Nacala corridor", "Limbe Nayuchi train", "Dona Ana bridge", "TAZARA documentary". Mukawonjezera mawu akuti "documentary" mumapeza mapulogalamu athunthu m'malo mwa tizidutswa. DW ya ku Germany ndi Al Jazeera English amaika mapulogalamu awo ambiri pa YouTube mwaulere.

Ambiri a inu mungakonde kufufuza "Hejaz Railway". Imeneyi ndi njanji imene Sultan Abdul Hamid II analamula kuti imangidwe mu 1900, ndipo inafika ku Madinah kuchokera ku Damascus mu 1908, chaka chomwe sitima inafika ku Blantyre. Inali ya makilomita pafupifupi 1,300, ndipo inafupikitsa ulendo wa anthu opita ku Hajj kuchoka pa masabata angapo pa ngamira kufika pa masiku ochepa. Inawonongeka pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse ndipo chigawo cha ku Madinah sichigwiranso ntchito masiku ano. Mukatha imeneyo fufuzani "Haramain High Speed Railway", njanji yamakono ya pakati pa Makkah ndi Madinah yodzera ku Jeddah, imene inatsegulidwa mu 2018. Ndi ya makilomita pafupifupi 450 ndipo sitima zake zimatha kuthamanga makilomita 300 pa ola. Chaka chomwecho dziko la Morocco linatsegula Al Boraq, sitima yoyamba yothamanga kwambiri mu Africa muno, pakati pa Tangier ndi Casablanca.

Za nthawi. Ngati mwapeza ndandanda ya mapulogalamu pa intaneti, onetsetsani kuti nthawi yolembedwayo ndi ya dziko liti. Japan ali patsogolo pathu ndi maola 7, kotero pulogalamu ya 11 koloko usiku ku Tokyo kuno imakhala 4 koloko madzulo. Britain ali kumbuyo kwathu ndi maola 2 kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndi ola limodzi miyezi yotsalayo. Zambia ndi Mozambique tili nawo nthawi imodzi.

Za bandulo. Vidiyo imadya bandulo msanga. Tsitsani kaonekedwe ka chithunzi kufika pa 360p kapena 480p. Mawu mudzamva bwinobwino ndipo zithunzi zidzaonekabe. Ndi bwino kuti anthu khumi aonere pa foni kapena kompyuta imodzi kusiyana ndi kuti aliyense agule bandulo yakeyake.

Za mabodza. Masiku ano pali mavidiyo opangidwa ndi kompyuta, oonetsa sitima zonyezimira zimene akuti zayamba kuyenda m'dziko lakutilakuti pamene kulibe. Musanakhulupirire, dzifunseni: waika vidiyoyi ndani? Anaiika liti? Kodi wailesi kapena nyuzipepala yodziwika yanenapo zomwezi?

4. Onerani muli ndi kope m'manja

Kusiyana kwa wongoonera ndi wophunzira kuli pa kope ndi cholembera. Pa pulogalamu iliyonse, sakani mayankho a mafunso anayi awa, kenako muyerekeze ndi njanji yathu.

Funso loyamba: kodi mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi wotani? Njanji ya Malawi ili ndi mpata wa mamilimita 1,067. Ndi womwewo ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi pa TAZARA. N'chifukwa chake bogi imene yapakidwa katundu ku Chipata ingathe kukafika ku Nacala, mtunda wa makilomita oposa 1,000, popanda kusintha mawilo. Njanji zambiri za ku Ulaya, America ndi China zili ndi mpata wa mamilimita 1,435, ndipo ndi umene Kenya inagwiritsa ntchito pa njanji yatsopano ya Mombasa ndi Nairobi mu 2017. Sitima ya pa njanji imeneyo singayende pa yathu ngakhale mutaibweretsa lero.

Funso lachiwiri: sitima ilibe chiwongolero, nanga imakhota bwanji? Mawilo awiri a mbali ziwiri amalumikizidwa ndi chitsulo chimodzi ndipo amazungulira pamodzi. Wilo lililonse ndi lokulirapo chakumkati ndi locheperapo chakunja. Pokhota, mawilo amasendera chakunja kwa khonalo, motero wilo lakunja limayendera mbali yake yaikulu pamene lamkati limayendera mbali yaing'ono. Lakunjalo limayenda mtunda wotalikirapo pa kuzungulira kulikonse, ndipo sitima imakhota yokha. Yesani izi kunyumba: tengani makapu awiri apulasitiki ofanana, muwamatire kukamwa ndi kukamwa, n'kuwagubuduza pa timitengo tiwiri towongoka totsetsereka. Adzatsika osagwa. Kenako amatireni matako ndi matako, muone mmene adzapatukire msanga.

Funso lachitatu: chimayendetsa sitimayo n'chiyani? Zakale zinkayendera nthunzi, monga Rocket ya Robert Stephenson ya mu 1829. Zothamanga kwambiri zimatenga magetsi ku mawaya a pamwamba. Njanji ya Malawi ilibe mawaya otero. Mitu ya sitima zathu imayendera dizilo. Koma dziwani kuti m'mitu yambiri ikuluikulu, injini ya dizilo siizunguza mawilo mwachindunji. Imazunguza jenereta, jeneretayo imapanga magetsi, ndipo magetsiwo ndi amene amayendetsa mamota a kumawilo. Apa pali phunziro lonse la kusintha kwa mphamvu limene mumalemba pa MSCE.

Funso lachinayi: kodi njanji imatani kukatentha? Chitsulo chimatalika chikatenthedwa, pafupifupi magawo 12 pa miliyoni pa digiri iliyonse. Tiyerekeze chitsulo cha mamita 12 chimene kutentha kwake kwakwera ndi madigiri 30 kuchokera m'bandakucha kufika masana a mu Okutobala. Werengerani: 12 × 30 × 0.000012 = mamita 0.0043, kapena kuti mamilimita 4 ndi pang'ono. Zikuoneka zochepa, koma popanda malo otalikira njanji ingapindike. N'chifukwa chake pa njanji zomangidwa ndi mabawuti amasiya kampata polumikizira, ndipo kugunda kwa mawilo pa timipata timeneti ndi kumene kumapanga phokoso lija la sitima. Miyala ya kwale imene ili pansi pake nayonso ili ndi ntchito: imagwira mitanda imene njanji imagonapo kuti isasunthe, ndipo imalola madzi a mvula kudutsa.

5. Tipange yathu

Mwana wa ku Mchinji amene anapangapo galimoto ya waya ali kale ndi luso limene anthu a m'mipikisano ya pa kanema ija ali nalo. Chimene amamuposa n'chimodzi: iwo amatsata muyeso. Chilichonse chimachepetsedwa mofanana, kuyambira mutu wa sitima mpaka munthu woima pa siteshoni.

Muyeso wotchuka kwambiri umatchedwa HO, ndipo ndi 1:87. Izi zikutanthauza kuti sentimita imodzi pa kasitima ikuimira masentimita 87 pa sitima yeniyeni. Palinso OO, wa 1:76, wokondedwa ku Britain, ndi N, wa 1:160. Pa muyeso wa HO, mpata wa njanji yathu ungakhale 1,067 ÷ 87, womwe ndi mamilimita 12 ndi pang'ono. Njanji yonse ya Mchinji mpaka Chipata ingatalike 27,000 ÷ 87, pafupifupi mamita 310, kutanthauza mabwalo atatu a mpira ondondozana.

Kwa ife ogwiritsa ntchito waya, makatoni, mapesi, nsungwi, dongo ndi zitsekerero za mabotolo, muyeso wa 1:20 ndi wosavuta. Mpata wa njanji ukhala mamilimita 53. Bogi imene tikuiyerekeza kuti ndi ya mamita 13 ikhala ya masentimita 65. Munthu wotalika mamita 1.6 akhala wa masentimita 8. Yambani ndi kujambula pa pepala, lembani miyeso yonse, kenako mudule. Mukalakwitsa mpata ndi mamilimita ochepa okha, kasitima kanu kadzagwa, ndipo pamenepo mudzamvetsa chifukwa chimene amisiri a njanji amayezera kawirikawiri.

Chenjezo: pa ntchito imeneyi musatenge kanthu kalikonse ku njanji yeniyeni, kaya bawuti, kachitsulo kapena mwala. Musapitenso kukayeza nokha. Miyeso takupatsani kale.

6. Mawu kwa makolo ndi a komiti

Tikudziwa kuti ambiri mumada nkhawa ndi nthawi imene ana amathera pa kanema ndi m'mavidiyo a pa msika, ndipo nkhawayo ndi yomveka. Pempho lathu ndi lakuti m'malo mongoletsa, muwathandize kusankha. Khalani nawo pansi kamodzi pa sabata, musankhe pulogalamu imodzi, pa nthawi yosasokoneza Swala, madrasa ndi ntchito za pakhomo. Akatha kuonera, afunseni kuti akufotokozereni m'Chichewa zimene amva. Mwana amene angathe kufotokozera agogo ake mmene sitima imakhotera, ndiye kuti wamvetsadi. M'nyumba zambiri mulibe dikoda kapena magetsi, choncho tikupempha a komiti aganizire zoti ophunzira azionera pamodzi pasukulu pano, mphunzitsi ali pomwepo.

Pali china chofunika kuposa mayeso. Chifukwa chakuti sitima sizidutsa pafupipafupi, tazolowera kuiona njanji ngati chinthu chakufa. Ena amalima mpaka m'mphepete mwake, ena amatapa miyala yake kukamangira, ndipo ena amamasula zitsulo kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Bawuti imodzi ikachotsedwa pamalo olakwika ingagwetse sitima ndi kupha anthu, ndipo kuwononga kulikonse kumachedwetsa tsiku limene mtedza, soya ndi chimanga cha alimi a kuno zidzapite ku doko pa mtengo wotsika, feteleza n'kubwera chimodzimodzi. Komanso sitima yodzaza katundu siima msanga ngati galimoto. Imafuna mamita mazanamazana kuti iime. Ana asamasewere, kukhala kapena kugona pa njanji, ngakhale patapita miyezi osaona sitima.

Mwana amene waona mmene anthu anavutikira kumanga mlatho wa Dona Ana kapena njanji ya m'chipululu cha Hejaz sangaione njanji ya kwawo ngati mulu wa zitsulo zopanda mwini. Ndipo njanji imafuna anthu: oyendetsa, amakaniko, owotcherera, oyeza malo, owerengera katundu ndi ogwira ntchito za kasitomu pa chipata cha Mwami. Palibe chifukwa choti anthu amenewo asachokere m'makalasi athu.

Ntchito ya mwezi uno

1. Jambulani mapu osonyeza njanji kuchokera ku Chipata kudzera ku Mchinji, Lilongwe, Salima, Nkaya ndi Nayuchi mpaka ku Nacala. Lembani chaka pa chigawo chilichonse chimene chatchulidwa m'phunziroli.

2. Pezani pulogalamu imodzi ya sitima pa dikoda kapena pa intaneti. Lembani dzina lake, kumene mwaipeza, ndi mayankho a mafunso anayi a m'gawo 4.

3. Pulogalamu ikuyamba 8 koloko usiku ku London mu Disembala. Kuno ikhala nthawi yanji?

4. Chitsulo cha njanji cha mamita 18 chatenthedwa ndi madigiri 25. Chatalika ndi mamilimita angati?

5. Chezani ndi munthu wachikulire amene anaona njanji ikufika ku Mchinji mu 1980. Lembani tsamba limodzi la zimene akukumbukira, ndipo mupemphe chilolezo chawo musanaziwerenge m'kalasi.

6. M'magulu a anthu asanu, pangani mutu wa sitima ndi bogi imodzi pa muyeso wa 1:20, pamodzi ndi njanji ya mamita 2 yokhala ndi khona limodzi.

Perekani ntchito yolemba kwa aphunzitsi a kalasi yanu mwezi uno usanathe. Tisitima tonse tidzaonetsedwa pa tsiku la msonkhano wa makolo, insha Allah, ndipo gulu limene kasitima kake kadzadutse pakhona osagwa lidzafotokozera makolo chinsinsi chake.